Satifiketi Imodzi, Atsikana Awiri

Mafunso analowa pageti la yunivesite nthawi ya naini akumwetulira, envulopu ili kukhwapa. Teni isanakwane ndinamuona akuwoloka msewu kubwerera, osayang'ana uku kapena uku, mpaka dalaivala wa minibasi anatulutsa mutu pawindo n'kumukalipira. Analowa m'kashopu kanga n'kukhala pampando wojambulirapo popanda womuuza.

"Anti, akuti sindingalembetse."

"Bwanji? Zithunzi zavuta?"

"Ayi. Akuti ndili kale m'kati. Ndikumaliza chaka chachiwiri."

Ndinaseka, poyesa nthabwala. Iye sanaseke.

Ine ndimajambula zithunzi za pasipoti ndi kupanga fotokope moyang'anizana ndi geti limenelo. Anthu amanditchula Mayi Osaphethira, chifukwa ndi mawu amene ndimanena ndisanadine batani la kamera. Yunivesite yathuyi si ya ana a mabwana. Ndi nyumba zitatu zosanja zopanikizika pakati pa masitolo, ngakhale bwalo la mpira ilibe. Koma fizi yake munthu wamba amaikwanitsa, ndipo mwana akamaliza amatuluka ndi ntchito m'manja. Mwezi wolembetsa, mzere umafika mpaka pakhonde langa.

Mafunso ndi mwana wa aneba anga, atelala. Dzinalo tinamupatsa ali wamng'ono chifukwa ankafunsa mpaka munthu kuthawa. Mayeso a kusekondale anakhoza bwino kwambiri, koma zotsatira zinamupeza ali ndi pakati. Satifiketi inalowa m'sutikesi, iye n'kuyamba kuchapa matewera. Chaka chino mwana wayamba kuthamanga, ndiye anati ayese kosi ya zamulabu.

Ndinatseka shopu. "Tiye ukandionetse mwiniwake wa chaka chachiwiriyo."

*

Alembi a mu ofesi ya kalembera ndimadziwana nawo, poti makina awo a fotokope amafa kawiri pa sabata. Ndi bambo owonda, a magalasi, olankhula ngati akuwerenga kalata.

"Mayi, malamulo sandilola kuonetsa fayilo ya wophunzira kwa munthu wakunja."

"Mwini fayilo ndi uyu ali apayu."

"Pamenepo ndiye pali nkhani." Anapukuta magalasi, n'kukankha kompyuta ndi chigongono ngati yatembenuka yokha.

Dzina lonse linali la Mafunso. Tsiku lobadwa, nambala ya mayeso, sukulu yomwe anaphunzira, zonse zake. Nkhope yokha inali ya wina: mtsikana wometa tsitsi, woyang'ana kamera mosaopa.

"Kosi ya zamagetsi," anatero alembi. "Wachiwiri m'kalasi la anthu makumi anayi. Kujomba sakudziwa."

"Mwina anabwera ndi fotokope yoba?"

"Kuno fotokope payokha sitilandira. Timatenga yeniyeni, timaiphatikiza ndi kapepala ka ofesi ndi sitepula, imagona kuno masiku atatu, kenako mwini wake amadzaitenga." Anatsitsa mawu. "Lero ndi Lachitatu. Mafomu tikutseka Lachisanu. Ndikalemba lipoti momwe zililimu, komiti iyamba yafufuza kuti weniweni ndani, ndipo komiti yathu imayenda miyezi. Chaka chino chimudutsa. Koma mukandibweretsera umboni wosasiya funso, fomu yake ndilandira."

Ndinamva, koma maso anga sanali pa iwo. Anali kumbuyo kwa mutu wa mtsikana uja. Nsalu ya buluu, ndipo pamwamba pa phewa lakumanzere kachipsera kotuwa ka makona atatu, pomwe simbi inapsereza.

Nsalu imeneyo ndinaiwotcha ndine. Chithunzicho chinajambulidwa m'shopu mwanga, koma nkhope imeneyo ine sindinaijambulepo.

*

Tili pamasitepe ndinapempha satifiketi ija. Ndinaikweza padzuwa. Pakona yakumtunda panali timabowo tiwiri ta sitepula.

"Unayamba wapita nayo kwina?"

"Lero ndi koyamba kutuluka nayo m'nyumba, anti."

"Iwe koyamba. Iyo ayi. Inabwera kuno, inagona masiku atatu, n'kubwerera m'sutikesi."

"Ndiye wakubayo anaibweza? Wakuba wanji wobweza?"

"Funso labwino. Tikawaone mayi ako."

Mayi ake amagwira ntchito kochapira nsalu zachipatala. Tinawapeza kuseri, pakati pa mabedishiti oyanikidwa, manja oyera ndi sopo. Ndinangowauza kuti wina akuphunzira ndi satifiketi ya mwana wawo. Za kosi sindinatchule. Sanadikire kuti ndimalize.

"Ndi mnyamata uja! Wompatsa mimba uja! Asisi, maso amene aja ndinawakana tsiku loyamba. Munthu wopereka moni akuyang'ana mafiriji a eni ake!"

"Anayamba walowapo kuchipinda kwanu?"

"Akanatuluka ndi miyendo yake? Amene uja ankathera pageti."

"Sutikesi imakhala pati?"

"Pamwamba pa wadiropu, yokhoma. Kiyi nayi." Anakoka kachingwe ka m'khosi. "Ndimagona nayo, ndimasamba nayo. Mwina ndi mayi wa nyumba yakumapeto uja, mwana wake analephera kawiri. Kapena aphunzitsi akulu, anthu amenewa mapepala amawadziwa."

"Kiyiyo simunampatsepo munthu aliyense? Ngakhale kamodzi?"

"Ndimpatse ndani? Kupatula abambo ake uyu, tsiku lija ankafuna laisensi ya shopu yawo. A ku yunivesite anati aone mapepala asanawapatse ntchito yosoka mikanjo. Patapita masiku anadzapemphanso kiyi kuti abweze laisensiyo."

"Linali liti?"

"Kamdzukulu kanga kali ndi miyezi itatu. Ndikukumbuka chifukwa kanali ndi chimfine." Anakung'untha bedishiti. "Koma musataye nthawi ndi amene aja. Mapepala amawaopa ngati njoka. Ngakhale khadi la kuchipatala ndimawasungira ndine."

Pobwerera, ine ndi Mafunso tinafika pa mphambano. Pamenepo ndiye anandigwira mkono.

"Anti, ndikuona zimene mukuganiza. Musatero. Masiku a mayeso abambo ankandidikira pa siteji ndi ambulera. Nditatenga mimba, amayi ndi amene anandithamangitsa, iwo n'kukanditenga."

"Sindinanene kanthu."

"Mwanena ndi nkhope."

Ndinamupatsa kiyi wa shopu kuti akandidikire kumeneko.

*

Atelala ali ndi kachipinda kuseri kwa sitolo ya nsapato. Mikanjo yakuda ya omaliza maphunziro inali lende lende kudenga, moti unkalowa chowerama. Iwo anali pamakina, tepi yachikasu m'khosi, mapini kukamwa.

"Aneba! Mwabwera kudzasoketsa, kapena mundijambule ndisanasambe?"

"Mwana wanu amubweza ku yunivesite. Pali wina akuphunzira ndi satifiketi yake."

Makina anaima. Analavula mapini m'dzanja, imodzi imodzi.

"Makompyuta amenewa," anatero pang'onopang'ono. "Amasokoneza anthu. Mwina mayina angofanana."

"Ndi nambala ya mayeso yomwe? Zaka ziwiri zapitazo, mwezi ngati uno, inu munali kuti?"

"Aa, mwalowa upolisi liti?" Anaseka. "Ndinali pompano. Mikanjo mazana awiri, masabata atatu. Funsani msewu wonsewu. Ndinkadya phazi lili pamakina. Ku yunivesiteko ine ndimalowera kumbuyo, ndimasiya katundu, ndimatuluka. Ofesi ya kalembera ngakhale chitseko chake sindichidziwa."

"Koma sutikesi munatsegula."

"Ndinatenga laisensi yanga, ndinabweza. Ndi mlandu?"

"Ayi."

Anatenga mkanjo wina n'kuyamba kufunafuna msoko womwe unali pamaso pawo. "Ndikulangizeni monga aneba. Muuzeni mwanayo ayese koleji ina, zilipo zambiri. Nkhani zoterezi ukazikoka zimapweteka anthu. Taganizani, mwana wa eni ake walimbana ndi mawaya zaka ziwiri zathunthu, lero mukamuzule?"

Ndinatsanzika bwinobwino. Nditafika kushopu ndinamufunsa Mafunso ngati waimbira foni bambo ake.

"Ayi. Bwanji?"

"Ndiye za mawaya awauza ndani?"

*

Tsiku lolembetsa ndinali nditaliona pa kompyuta ya alembi. Zithunzi zanga sinditaya. Zimakhala m'kompyuta yakale pansi pa kauntala, tsiku lililonse pakepake. Nditatsegula sabata imeneyo ndinamvetsa chifukwa chake nkhopeyo sindinaikumbuke. Ndi sabata imene ndinachitidwa opareshoni ya diso. Pashopu panatsala mng'ono wanga, ndipo aneba onse ankadziwa, poti ankabwera kudzandizonda kunyumba.

Mng'ono wangayo ndi namwino wabwino koma wojambula woipa. Amaima patali ngati kasitomala amuluma, n'kujambula theka la chipinda, kenako n'kudula chithunzicho pakompyuta. Ine ndinkamunena nazo. Tsiku limenelo ndinamudalitsa.

Chithunzi cha nambala makumi awiri ndi zitatu chinali cha mtsikana wometa uja, chosadula. Nsalu ya buluu, mwendo wa nyali, kalendala. Ndipo kumanja, kalilole amene makasitomala amakonzerapo tsitsi.

M'kaliloremo munali munthu ataima pakhomo, envulopu m'manja, nkhope atayang'ana kumsewu ngati akuopa kuonedwa.

"Mungakulitse?" anatero Mafunso.

Ndinakulitsa. Tepi yachikasu m'khosi.

Anayang'ana nthawi yaitali. Ndinkayembekezera kulira, koma anangoyandikitsa nkhope pagalasi, chala chili pamlomo.

"Malaya awa ndinkawasita ndine," anatero. Kenako chala chinasuntha kuchoka pa bambo ake kupita pa mtsikana uja. "Nanga uyu ndi ndani wawo? Chibwenzi?"

"Amatuluka folo koloko. Timufunsa yekha."

*

Sanavute kumupeza. Anatuluka ndi gulu la anyamata, atavala ovololo ya buluu, pulayala yodulira mawaya ikuonekera m'thumba. Anzakewo ankamutchula Injiniya.

"Chemwali," ndinamuitana, "chithunzi chanu chinatsala kwathu kuno. Tabwerani muchione."

Analowa akupukuta manja. Ataona kompyuta anaima. Ataona satifiketi pakauntala, ndi mtsikana ataima pambali pake, anagwira pakamwa.

Ine ntchito yanga ndi nkhope. Atangoima moyandikana ndinaona zimene chithunzi chinabisa: makutu ang'onoang'ono omata, mpata pakati pa mano akutsogolo, chipumi chotakata. Chipumi chimenecho ndinali nditachisiya pamakina osokera masana omwewo.

Ndinkaganiza athawa, kapena akana. Iye anagwada pansi n'kugwira manja a Mafunso, nkhope yonse ikuwala.

"Ndinu achemwali? Mwavomera kundiona? Makalata anga munalandira?"

Mafunso anandiyang'ana ine. "Makalata anji?"

"Awiri. Yoyamba nditangolowa, yachiwiri nditakhoza chaka choyamba. Ndinapatsira abambo." Kumwetulira kuja kunayamba kuzilala. "Othokoza."

"Kuthokoza chiyani?"

"Kuti munandipatsa malo anu."

Ndinamudzutsa n'kumukhazika pampando. Analankhula mosabisa, mawu aafupiafupi, ngati munthu wozolowera kufotokoza pomwe waya wapsa. Mayi ake ankagulitsa nsalu kutsidya lina la tauni. Atelala ankabwera Lamlungu masana, kuyambira iye ali khanda. Kunyumba kwa Mafunso Lamlungu masana linali tsiku logula nsalu. Chaka cha mayeso mayi ake anadwala mpaka kumwalira, iye ndiye wodwazika. Anakhoza zonse, masamu okha anagwa. Popanda masamu, zamagetsi sulowa.

"Abambo anati ndili ndi mkulu wanga amene ali ndi mwana, sukulu anasiyana nayo. Anati mwavomera nokha kuti pepala lisawole m'sutikesi, koma simukufuna kuona nkhope yanga. Ndinamvetsa."

"Sunadziwe kuti ndi mlandu?" ndinafunsa.

"Ndinkadziwa, mayi. Sindinama. Tsiku lililonse akamaitana mayina, mtima umagunda. Koma ndinkati ndi mlandu wa tonse atatu." Anatembenukira kwa Mafunso. "Simunavomere?"

"Lero m'mawa sindinkadziwa kuti uliko."

Injiniya anayang'ana manja ake akuda ndi girisi. "Ndatsala ndi chaka chimodzi," anatero motsitsa, osauza aliyense.

"Umazikonda zamagetsizo?" anafunsa Mafunso.

"Kwambiri."

"Sizikugwira?"

"Kawiri. Kachiwiriko ndinalakwa ndine."

Mafunso anatsala pang'ono kuseka. Kenako anatola envulopu yake. "Dzuka. Tikawafunse limodzi."

*

Atelala tinawapeza akutseka mawindo. Ataona atsikana awiriwo akulowa pansi pa mikanjo, wina kutsogolo wina kumbuyo, anafufuza mpando ndi dzanja n'kukhala.

Chithunzi chosadula chija ndinali nditachisindikiza, ndipo ndinachiika pamakina. Sanachigwire.

"Bambo," anatero Mafunso, "ine ndinavomera liti?"

"Mwana wanga, tamvera..."

"Ndikumvera. Tsiku lake linali liti? Ndinali nditavala chiyani?"

Atelala atayambanso kulankhula, nthabwala zonse zinali zitatha.

"Ndinali ndi ana awiri. Wina ali ndi pepala koma wamangika ndi khanda. Wina alibe mayi, alibe pepala, akungoyendayenda m'nyumba za achibale. Ndinkagona ndikuona pepala lija pamwamba pa wadiropu. Ndinati uyu sabwereranso kusukulu. Atsikana akabereka sabwerera."

"Munandifunsa?"

"Ndikanafunsa, mayi ako akanadziwa zonse."

"Ndiye simunaopere ine. Munadziopera nokha."

Injiniya anali ataima pakhomo, misozi ikutsika osaipukuta.

"Munandiuza kuti amadana nane," anatero. "Zaka ziwiri ndimadutsa msewu wa kwanu chothamanga."

"Makalata anga ali kuti?" anafunsa Mafunso.

Atelala anakoka kadirowa ka makina. Pansi pa ulusi ndi mabatani panali maenvulopu awiri osatsegula. Mafunso anang'amba imodzi n'kuiwerenga ataimirira, mpaka kumapeto. Anaipinda n'kuiika limodzi ndi satifiketi.

"Mawa eyiti koloko ndikhala pa ofesi ya kalembera," anatero. "Amayi muwauze nokha lero. Mukapanda kutero, awauza apolisi."

Tili panja anaima n'kumuyang'ana mng'ono wakeyo. "Sindingakusiyire. Ndadikira zaka zitatu. Ndili ndi mwana woti ndimulere."

"Ndikudziwa, achemwali."

"Ukhoza kusabwera mawa. Umboni tili nawo kale."

Injiniya anakwera minibasi yoyamba imene inaima.

*

M'mawa mwake tinamupeza atafika kale, atakhala pabenchi yapanja pa ofesi. Ovololo sanavale. Alembi atatsegula, analowa patsogolo pathu, n'kuika chitupa chake cha sukulu patebulo.

"Ichi si changa, bwana. Mwini dzina ndi awa."

Alembi anaona chitupa, anaona chithunzi chosadula, anaona timabowo ta sitepula. Anavula magalasi.

"Zaka makumi awiri ndili pampando uno," anatero. "Obera ndawagwira ambiri. Wodzibweretsa yekha ndi woyamba." Anamuuza mosazungulira kuti zaka ziwiri zija zafufutika, ndipo nkhani ipita kupolisi. Ananenanso kuti akalembanso masamu n'kukhoza, palibe lamulo lomuletsa kudzapempha malo m'dzina lake, ngakhale komiti ndi imene idzaone. "Sindikulonjeza. Koma mkulu wa zamagetsi akamva, abwera kuno akuthamanga, ndipo amene uja phokoso amalitha."

Pamenepo chitseko chinatseguka. Analowa mayi a Mafunso, atavala yunifolomu ya kuntchito, maso otupa. Kumbuyo kwawo, patali ndithu, atelala, atavala jekete la kutchalitchi.

"Amene mukumufuna ndi ine," anatero atelala. "Mwanayu ndinamunamiza. Mulembe choncho."

"Mulemba nokha, wapolisi akafika," anatero alembi. Anatulutsa fomu yatsopano n'kumupatsa Mafunso. Iye analemba mosafulumira, mzere ndi mzere, mpaka pansi.

"Patsala apa," alembi analoza. "Kholo kapena womuyang'anira asaine."

Atelala anapisa dzanja m'thumba la jekete n'kutulutsa cholembera. Mafunso sanawayang'ane. Anakankhira pepalalo kwa mayi ake.

Mayiwo anasaina pang'onopang'ono, akudinikiza mpaka cholembera kuboola pepala. Alembi anamenya chidindo. Kenako mayi aja anatembenuka, n'kumuyang'ana Injiniya kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anayang'ana makutu, anayang'ana chipumi. Ine ndinasendera pafupi, poti manja a mayi amenewo ndimawadziwa.

"Iwe ndiwe mwana wawo wa Lamlungu?"

"Eya, mayi."

"Ukukhala ndi ndani?"

"Ndekha. Ndimachita lendi ndi anzanga awiri."

"Wadya chiyani m'mawa uno?"

"Sindinadye."

Mayi aja anapumira m'mwamba, n'kukonza chikwama paphewa.

"Tiye ukamwe tiyi. Awa asiye, ali ndi alendo awo."